Mapampu a Velliangiri

Arukkani atakwatiwa ndi Velliangiri, anzake ankamuchitira nsanje. Mwamunayo anali ndi munda wa dothi lakuda kunja kwa tauni ya Kovai, chitsime chakechake, ndi ng'ombe ziwiri zamphongo za nyanga zokongola zimene anthu ankaima pamsewu kuzionerera. Chimene anzakewo sankadziwa n'chakuti mtima wa munthuyo sunali m'munda. Ankakonza injini pafakitale yochotsa njere za thonje, ndipo akaweruka ankakhala pakhonde, manja ali bii, n'kumajambula timagudumu pansi ndi kamtengo.

Zitsime za dera limenelo n'zakuya, zokumbidwa m'thanthwe. Madzi ankatungidwa ndi thumba lalikulu lachikopa, ng'ombe zikukoka chingwe, kutsika ndi kukwera kanjira kotsetsereka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo. Mvula ikakana, madzi ankatsika, anthu n'kukumbanso, chingwe n'kutalika, ng'ombe n'kumaonda. Olemera ankagula mapampu a ku Mangalande, koma kachitsulo kamodzi kakathyoka munthu ankadikira sitima ya pamadzi kwa miyezi, mbewu zikuuma.

Chaka china cha chilala, mwana wawo Thiru akuyamba kumene kuyenda, Velliangiri anabwera kunyumba masana atanyamula chingwe chopanda ng'ombe.

"Ng'ombe zili kuti?" anafunsa Arukkani.

"Ndagulitsa."

"Zonse ziwiri?"

"Ndi munda womwe, mayi a Thiru. Ntchito ndasiyanso. Ndapeza shedi kuseri kwa msika. Ndikufuna kumanga ng'anjo, ndizipanga mapampu konkuno."

Arukkani anakhala pansi pomwe anaimapo. Sanalire. Anangomuyang'ana mwamunayo, n'kuona kuti sanaledzere ndipo sakuseka.

"Ndiye tizidya chitsulo?"

"Kwa kanthawi," anatero Velliangiri. "Ukachiphika bwino chimafewa."

Bambo a Arukkani, a Nachimuthu, anali mlimi wodziwika, munthu wa ndevu zopota ndi mawu aakulu. Atamva nkhaniyo anabwera pangolo kudzatenga mwana wawo. Arukkani anawaphikira khofi, anawamvetsera mpaka anamaliza kukalipa, kenako anati sapita. Sikuti ankakhulupirira za mapampuzo ayi. Ankangodziwa kuti akachoka, mwamunayo adzagona m'shedimo n'kuiwala kudya.

Patapita miyezi ingapo pampu yoyamba inatha. Velliangiri anapempha apongozi ake kuti akaiyesere pachitsime chawo, ndipo iwo anavomera mwachangu, n'kuitana mudzi wonse kuti udzaone misala ya mkamwini. Anthu anazungulira chitsime, amayi atanyamula ana, osula ndi osoka zikopa ataima chapatali. Velliangiri anazungulitsa injini yakale imene anabwereka, lamba anayamba kuthamanga, paipi n'kumanjenjemera. Madzi anakwera ndithu. Anthu anakuwa. A Nachimuthu anayandikira kuti aone bwino, ndipo nthawi yomweyo pampu inang'aluka pakati, phwaa! Matope akuda a pansi pa chitsime anawathira kuyambira pandevu mpaka pansalu yawo yoyera.

"Walira mvula walira matope, achikulire!" anakuwa munthu wina kumbuyo, ndipo anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba.

Arukkani anafuna kuti nthaka ing'ambike alowemo. Koma atayang'ana mwamuna wake anaona kuti iye sakumva n'komwe kusekako. Anali atagwada m'matope, akutola zidutswa za pampu, kuziyang'anitsitsa padzuwa chimodzichimodzi.

"Taona," anamuuza ali m'njira yobwerera. "Mkatimu muli timabowo ngati chisa cha njuchi. Mchenga wa chikombole unali wonyowa, nthunzi inatsekeredwa m'chitsulo. Pampuyi ilibe mlandu. Wolakwa ndine."

"Bambo anga sadzakulankhulaninso."

"Adzandilankhula akadzafuna madzi."

Kuyambira pamenepo nyumba yawo inadzaza mchenga. Velliangiri ankapita m'mitsinje youma ya dera lonselo kukatapa mchenga wa mitundumitundu, wofiira, wotuwa, wosakanizika ndi dongo. Arukkani ankausefa ndi sefa yake ya ufa, n'kuuyanika pabwalo ngati mapira. Mapampu ena anasweka ali m'chikombole, ena Velliangiri anawaphwanya yekha ndi nyundo ngakhale ankaoneka abwino, pofuna kuona mkati. Anansi ankati mkaziyo watengera matenda a mwamuna wake.

Ulendo wachiwiri sanaitane anthu. Velliangiri ndi Arukkani anapita awiri okha kuchitsime chomwe chija ndi pampu pangolo yobwereka. A Nachimuthu anaima kutali, manja kumbuyo. Injini inalira, madzi anatuluka odzaza paipi, oyera, n'kumathamanga mumfuleni. Anadikira kuti chinachake chisweke, koma sichinasweke. Dzuwa linasuntha, madzi akutulukabe. Pomaliza mkuluyo anakhosomola.

"Mkamwini, madziwa musangowataya. Atsegulireni kunthochi uko."

Arukkani anadziwa kuti kwa bambo ake amenewo anali mawu opepesa, ndipo ena sadzabweranso.

Alimi anayamba kubwera, poyamba mmodzimmodzi, kenako m'magulu. Nkhondo yaikulu ya azungu itabuka, sitima zinasiya kubweretsa katundu, ndipo ngakhale olemera aja amene ankanyoza chitsulo cha kuseri kwa msika anayamba kuima pamzere. Shedi inasanduka fakitale ya njerwa ya chumuni chachitali. Amalonda anamulangiza Velliangiri kuti akweze mtengo poti panalibe wopikisana naye, koma iye anakana, nati mlimi amene wamufinya chaka cha nkhondo sadzakuiwala chaka cha mtendere. Anamanga khitchini pafakitalepo kuti antchito azidya chakudya chotentha masana, ndipo woyang'anira anali Arukkani.

Tsiku lina masana, mpunga uli pafupi kupsa, kugeti kunamveka phokoso. Arukkani anatuluka. Panali amuna angapo ochokera kumalire a mudzi, a mtundu wosoka zikopa, amene anthu ena onse sankawakhudza kapena kumwa nawo madzi. Patsogolo pawo panali Maaran, mwamuna wamtali wa mapewa otambalala, amene ankasoka matumba otungira madzi a midzi yonse yozungulira. Anali atasenza thumba latsopano. Velliangiri atafika, Maaran analiponya pansi patsogolo pake.

"Gulani, bwana."

"Ndichite nalo chiyani?"

"Funso limenelo ndi langa. Agogo anga ankasoka matumba, bambo anga ankasoka matumba. Lero chitsime chilichonse chikulira pampu yanu. Anthu akukutamandani kuti mwapulumutsa ng'ombe. Nanga ife? Ana athu adye chikopa?"

Mlonda anakweza ndodo, koma Velliangiri anamuletsa. Anawerama, natembenuza thumba lija, nayendetsa chala pamsoko. Arukkani anaona nkhope yake ikusintha monga inkachitira chitsulo chikamuswekera.

"Sindinakuganizireni," anatero. "Ndinaganizira alimi ndi ng'ombe, inu ayi. Achimwene, manja amene asoka msoko wosadontha chonchi angathe kuumba chikombole. Bwerani mawa, nonse amene mukufuna."

Maaran anaseka kuseka kowawa. "Mkati umo? Anthu anu atilola?"

"Geti ndi langa."

Arukkani sanakondwe. Anakula akuuzidwa kuti anthu amenewo amawathirira madzi m'manja ataima patali, ndipo mtima wake unkanyansidwa ngakhale mutu unkamuuza kuti mwamuna wake akunena zoona. Madzulo anamuuza maganizo ake mosabisa.

"Apatseni ntchito, chabwino. Koma azidyera kuseri, ndi mtsuko wawo. Mukapanda kutero, abale anga sadzadyanso m'nyumba muno."

"Chitsulo chikamasungunuka amanyamula mphika umodzi anthu anayi," anayankha Velliangiri. "Mmodzi akaopa kukhudza mnzake, onse apsa miyendo. Anthu odyera kosiyana sanganyamule mphika umenewo. Koma khitchini ndi yako, mayi a Thiru. Sindikukakamiza."

M'mawa mwake Maaran anabwera ndi anzake ochepa, ena ataopa. Nthawi ya chakudya itakwana, kapitawo wa ng'anjo, Subbaiya, anaima pakhomo pa khitchini, antchito ali kumbuyo kwake.

"Bwana, ife takutumikirani kuyambira m'shedi. Koma awa akamwa mumtsuko uwu, ife tikupita."

Velliangiri sanakangane naye. Anatunga madzi ndi chikho, napatsa Maaran. Maaran anazengereza, kenako anamwa, maso ali pa Subbaiya. Velliangiri analandira chikhocho, natunganso, namwa iye mwini, n'kukakhala pansi pafupi ndi mlendoyo, nayala tsamba lake la nthochi lodyerapo.

Antchito ambiri anatuluka, ena akulavula. Ophika nawonso anathawira kuseri. Mphika wa mpunga unatsala wokha pakati pa chipinda, nthunzi ili tolotolo, ndipo panalibe woupakula. Arukkani anayang'ana amuna aja atakhala pamzere, masamba ali opanda kanthu patsogolo pawo. Maaran anali atazolika, ngati munthu wodziwa kale mmene nkhani zotere zimathera. Arukkani anamanga nsalu yake m'chiuno, natenga chipande, nayambira pa tsamba la Maaran.

"Ndiwonjezere, bambo?"

Maaran anangogwedeza mutu movomera.

Mtengo wake unali wowawa. Achibale anasiya kuwaitana kumaukwati, ndipo mng'ono wake weniweni wa Arukkani ankatembenuka akakumana naye kukachisi. Ng'anjo inazima kwa masabata angapo chifukwa chosowa anthu, Velliangiri akuphunzitsa yekha osoka zikopa kuumba mchenga. Koma njala ilibe mtundu. Amene anachoka aja anayamba kubwerera, ndipo Subbaiya anabwerera pomaliza, atanyamula chikho chakechake m'thumba. Velliangiri anamulandira osanena kanthu za chikhocho. Patapita chaka chinasowa, ndipo Subbaiya sanagulenso china.

Dziko litalandira ufulu, fakitale inakula kwambiri. Velliangiri anatsegula sukulu ya ntchito zamanja pambali pake, yolandira mwana wa aliyense, ndipo ankapitako yekha kukaphunzitsa ngakhale tsitsi litayamba kuyera. Thiru anakula, anaphunzira za makina ku Madras, nabwera kudzathandiza bambo ake. Anali mnyamata wakhama, koma panali chinthu chimodzi chimene chinkamupweteka. Amisiri abwino akangodziwa ntchito ankachoka n'kukatsegula timashedi tawo, n'kumapanganso mapampu. Tsiku limene Maaran, amene tsopano anali kapitawo wa zikombole, anabwera kudzatsanzika, Thiru anapsa mtima pamaso pa amayi ake.

"Bambo, tikulera adani! Munthu ameneyu munamutola pageti, lero akukapikisana nafe?"

"Sindinamutole, anabwera yekha kudzandikalipira," anatero Velliangiri. "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kodi zitsime za dziko lino tingazimalize tokha? Umupatse makina akale osemera zitsulo aja ali m'nkhokwe. Ndipo umutumizire ngolo, asavutike kunyamula."

Umo ndi mmene msewu wonse wa kuseri kwa msika unadzazira ndi timafakitale, chilichonse chili ndi mwini wake amene anaphunzirira kwa Velliangiri.

Ukalamba unamugwira miyendo poyamba, kenako chifuwa. Anasiya kupita kuntchito, n'kumakhala pampando wa ndalema, Arukkani akumusisita mafuta m'mawondo. M'mawa wina Thiru anabwera nkhope ili gwaa. Anati Maaran watulutsa pampu yatsopano yopanda lamba, injini ya magetsi ndi pampu zili m'thupi limodzi, yaing'ono moti anthu awiri angainyamule, ndipo alimi akuthamangira kumeneko.

"Itana galimoto," anatero mkuluyo.

"Adokotala anati musatuluke," anatero Arukkani.

"Adokotala sanaone pampu yopanda lamba. Tiye nawe."

Maaran atawaona akutsika, anathamanga, nafuna kugwira mapazi a mkuluyo, koma iye anamukoka phewa.

"Siya zimenezo, msana wako si wa mnyamata. Chili kuti chinthucho?"

Anamukhazika pabokosi. Velliangiri anapempha sipanala, namasula yekha chivundikiro. Anasuzumira mkati, anazungulitsa kagudumu ndi chala, anafunsa mafunso ambiri, Maaran akuyankha ngati mwana wa sukulu pamayeso. Kenako anati aiyatse. Inangong'ung'udza pang'ono, madzi n'kutumphuka m'thanki.

Velliangiri anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika.

"Mayi a Thiru, waona? Yaposa yanga! Zaka zonsezi ndimalimbana ndi lamba, osaganiza zongomuchotsa. Iwe Maaran, ndiwe mfiti!"

"Ndinaphunzira kwa mfiti yaikulu, bwana."

"Thiru, usaime ngati mtengo. Gula imodzi, ukaiphwasule, ukaphunzire. Ukalephera kumvetsa ubwere udzafunse mwini wake, ndipo ubwere ndi ulemu."

Anamwalira nyengo ya mphepo chaka chomwecho. Tsiku la maliro ake ng'anjo zonse za msewu uja zinazima, ndipo alimi anabwera pangolo ndi pamabasi kuchokera kumidzi imene Arukkani sanaimvepo n'dzina lomwe. Mwambo wa maliro utatha, Thiru anavala malaya oyera napita kwa Maaran, atanyamula mapepala amene anajambulapo pampu yakeyake yopanda lamba. Anakhalako tsiku lonse. Atabwerera madzulo, amayi ake anamufunsa mmene zayendera.

"Ndi munthu wovuta," anatero Thiru akuvula nsapato. "Wati zojambula zanga n'zokongola koma sizingaumbike. Ndibwererenso Lachinayi."