Masabata Atatu Kukamwa Yasa

Ku India anandiboola mutu pamwamba pa khutu. Mitsempha yopititsa magazi ku ubongo inali itayamba kutsekeka, ndiye madokotala anatenga mtsempha wina wa pansi pa khungu n'kuulumikiza mkati kuti magazi azilambalala potsekekapo. Ndinatsitsimuka ndikulankhula bwinobwino. Koma mwana wanga Chikhulupiriro, amene anandiperekeza, anandiwerengera uthenga wochokera kumudzi: bambo ake, amuna anga a Yakobo, anali atayamba kale kufalitsa pamsika wa Chonde kuti ndibwerako ndili chitsiru, ndipo munda wa tiyi ukhala wawo.

Munda umenewo anandisiyira ndi mayi anga. A Yakobo ndi mkamwini chabe, anafika pakhomo pathu ndi wailesi ndi malaya awiri. Ndinapsa mtima mpaka bala linayamba kugunda. Ndinamulumbiritsa mwanayo kuti asaulule kanthu, ndipo potsika minibasi ndinali munthu wosalankhula.

Masabata atatu ndinakhala pakhonde, kukamwa yasa. Anthu amaiwala kuti wosalankhula ali ndi makutu. A Yakobo ankaimba foni ali pambali panga penipeni, moti ndinadziwa dzina la mkazi wawo wamseri wa ku Muloza, mwezi woti adzalowe m'nyumba mwanga, ngakhale mtundu wa makatani amene ankafuna. Akabwera azimayi a kutchalitchi, bambowa ankandimwetsa phala ndi supuni, nkhope ili khuma. Ine ndinkalavulira dala pa thalauza lawo lopempherera. Ndisaname, zinkandikoma.

Lachinayi lina anaitanitsa mlembi wa kalabu ya alimi a tiyi ndi achimwene anga a Elson, omwe ndi ankhoswe athu. Anafotokoza misozi ili lengelenge kuti mpeni unandiwononga nzeru, choncho munda ulembedwe m'dzina lawo kuti azindisamalira bwino. Achimwene anavomera mwachisoni. Kenako a Yakobo anagwira chala changa chachikulu n'kuchinyika mu inki.

"Tasiyani dzanja langa, bambo a Chikhulupiriro," ndinatero.

Mlembi anagwetsa pepala. Ndinawafotokozera achimwene zonse zimene ndinamva, mosathamanga, osasiyako ndi makatani omwe. A Yakobo anafunsa chapansipansi kuti ndachira liti. Ndinawayankha kuti ku India konko.

Chala chinali chikadali chonyowa. Ndinaimirira n'kuchidinda pachipumi pawo, mwamphamvu.

"Mumafuna chidindo changa, ndi chimenecho. Pitani nacho ku Muloza, mayiyo akaone kuti ndakuperekani ndine."