Mitengo Iwiri, Dzina Limodzi

Mayi wogulira hotela ina mipando anali atatulutsa kale cholembera pamene Jailosi anayankhula.

"Pepani mayi, koma uyu si jakaranda."

Mayiyo anali atangouzidwa kuti mipandoyo ndi ya mtengo wa jakaranda. A Otávio, eni shopu ya mipandoyo, anavula magalasi. Kwawo ku Brazil ankajambula mapulani a nyumba. Atafika ku Toronto mu 1974 anayamba kupanga mipando yaifupi, ya miyendo yowonda ngati ya kakowa, pokhalira pake pachikopa. Jailosi, kalipentala wa ku Zomba, anali atagwira nawo ntchito miyezi iwiri yokha.

"Jakaranda ndakulira pansi pake," anapitiriza osaphethira. "Thabwa lake ndi loyera, lofewa, chikhadabo chimalowa. Ili ndi lakuda."

Mayiyo anabweza cholembera m'chikwama. Mipando makumi anayi inalowa nacho momwemo, ndipo Jailosi anaona kuti ntchito yake nayonso yaima pakhomo.

"Achimwene, safunsa anadya phula," ananong'ona Zelipa, wosoka zikopa, osadzutsa mutu pamakina. "Kapena ku Brazil munapitako dzulo pa basi?"

"Jakaranda wakoyo maluwa ake ndi otani?" a Otávio anafunsa.

"Apepo. Amadzaza msewu mu Okutobala."

"Umenewo kwathu ndi wamthunzi chabe. Akalipentala akati jakaranda amanena uwu."

Jailosi anatola chidutswa cha thabwa pansi, nachipala ndi mpeni, nachinunkhiza. Kulemera kwake anakuzindikira.

"Mayi, ndaphonya dzina, koma mtengowu ndikuudziwa. Kwathu m'bale wake ndi phingo. Nkhwangwa ndiyo imayamba kutopa."

"Miyendo yowonda chonchi?" mayiyo anatero. "Alendo athu si ana."

Jailosi anavula nsapato, nakwera pampando, nadumpha kawiri ndi thupi lake lonse. A Otávio anatsinzina. Mpando sunalire.

Mayiyo anagwada, nayang'ana molumikizira miyendo, momwe munalibe msomali ndi umodzi womwe. Kenako anatsegula chikwama.

Mayiyo atachoka, a Otávio anavalanso magalasi.

"Kuyambira lero ogula uziwalandira ndiwe. Koma za mayina uziyamba wandifunsa."

"Ndamva, bwana."

Zelipa anadula ulusi ndi mano.

"Ndiye mugule masokosi, achimwene. Chala chachikulu chija mayi achiona."