Nsagwada za Dongo

Maloto awa andisowetsa mtendere, poti mawa ndikukayesa mwayi wolowa usilikali.

Ndinalota tili pamzere m'dambo, nkhope zathu zili dongo lofewa. Mkulu wa asilikali ankatiumba nsagwada ndi zala zozizira. Aliyense amene nsagwada zake zatambalala, nyenyezi zinkamutera pamapewa, makanda n'kumamera momuzungulira ngati bowa.

"Bwana, chonde, zanganso muzikuzeko," ndinapempha motsitsa mawu.

Anazikoka, ndikumva fungo la mvula yoyamba. Nyenyezi zinandilemera. Kenaka anatulukira Nabanda, bwenzi langa, atasenza ndowa. Atandiona anagwada.

"Pepani bwana, mwamuonako Yohane wanga? Wa nkhope yowonda, wamanyazi uja?"

Ndinafuna kunena kuti ndine, koma dongo linali litauma.

Kaya akutanthauza chiyani. Chikwama ndalongedza kale, koma ndikungodzigwiragwira kumaso.