Mizere Imene Valerie Anasesa

"Ba Saul, sendelaniko, mwanitsekela sikilini," anatero Valerie, akukankha mwamuna wake ndi chigongono.

Linali Lachisanu, tsiku lokonzekera Sabata, ndipo nyumba yawo ya ku Kabwata inali itasesedwa mpaka kunsi kwa bedi. Ngakhale katoni ya mapepala akale a ba Saul, amene anagwira ukalaliki zaka makumi atatu ku Longacres, inali pakhonde kudikira kutayidwa. Chinatsala n'chimodzi: imelo ya shopu yake yosoka mayunifomu. Makalata ake ankathera m'bokosi la zinyalala m'maimelo a makasitomala, pomwe sukulu ina ya ku Kabulonga inali italonjeza kuyankha za oda yaikulu lisanafike Lolemba.

Mng'ono wake Judith, katswiri wa makompyuta, anali atamutumizira mzere wa TXT woti auwonjezere pa tsamba la DNS, pomwe pamakhala mizere yoyendetsa imelo ya shopuyo, kuti makalata azidziwika kuti ndi akedi. Koma ba Saul anali kakaka pamenepo, magalasi ali pamphuno, akukopera m'buku lawo mizere yonse ya patsambalo, chilembo ndi chilembo.

"Mulemba chani futi?"

"Ku ofesi sitinali kugwila failo tikalibe kukopela."

"Ndiye chifukwa nyumba yazula mapepala monga positi ofesi!"

Ba Saul atasendera, Valerie anaika mzere uja bwinobwino. Kenako maso ake anagwera pa mizere ina yakale, ya manambala osamveka, ndipo manja anayamba kumuyabwa. Watsache ndi watsache basi. Anaifufuta yonse, tsamba linayera mbee, n'kuimbira Judith monyadira.

"Nafaka mzele wako. Na vinyalala vinali pansi nachosa."

Judith anafuula pafonipo.

"Ba Valerie, vija sivinyalala! Ndiye vamene vileta ma imelo kuli imwe. Manje sukulu ikayankha, kalata izabwelela kwamene yachoka."

Valerie anamupempha kuti amuwerengere mizere ija. Judith anali m'minibasi pa Cairo Road, m'mdipiti wa magalimoto, ndipo mizereyo sanaisunge pamtima. Kunja dzuwa linali litapendeka, ndipo likalowa, m'nyumba muno laputopu sitsegulidwa mpaka Sabata litapita.

Ba Saul anatsokomola pang'ono, n'kuika buku lawo patebulo. Mizere yonse ija inali m'menemo.

Iwo ankawerenga mokweza, iye akutayipa. Kawiri konse ba Saul anamubweza: "Apo ni teni, mayi, osati wani." Anamaliza kuwala kukadali pa malata a oyandikana nawo. Judith anati zosinthazo zimatenga maola kuti zifalikire, palibenso chochita koma kudikira.

M'mawa mwake kutchalitchi Valerie ankaimba ndi pakamwa pokha, mtima uli ku Kabulonga.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anamunong'oneza ba Saul, ndipo iye anaseka osafuna.

Loweruka dzuwa litangolowa anatsegula laputopu. Kalata ya sukulu inalipo, itafika m'mawa: mayunifomu mazana awiri, abwere Lolemba adzayeze ana. Anaiwerenga kawiri.

Kenako anatuluka pakhonde, ananyamula katoni ija, anaipukuta fumbi ndi chitenje chake, n'kukaibwezera pamwamba pa wadulopu. Ba Saul anapitiriza kumwa tiyi ngati sanaone kanthu.

"Pali malo yina apa," anatero Valerie. "Na buku ija mufake."