Belu la Nerina

Kwathu ku Roccavelia belu la maliro limalira katatu akamwalira mwamuna, kawiri akamwalira mkazi. Ndi mwana yemwe amadziwa. Ine Egidio ndinakoka chingwe cha belu limenelo zaka makumi anayi, mpaka anachidula n'kupachika chimkuzamawu pansanja ya tchalitchi. Akuti belulo ndi lamakedzana, lingang'ambike, alendo azingolijambula.

Mkazi wanga Nerina anatisiya Lachinayi m'mawa. Ndili chikhalire pambali pa bedi, ndinamva chimkuzamawu chija. Katatu. Zii. Katatu.

Ottavia wophika buledi anasuzumira pazenera lathu, manja ali mbuu ndi ufa. "A Egidio, ndi bambo uti wapita?" Ataona pabedi anagwira pakamwa.

Ndinakwera chitunda kupita kutchalitchi osavala n'chipewa chomwe. Wansembe wathu watsopano, Don Fulgenzio, ndinam'peza akuonetsa alendo zithunzi za oyera zapakhoma.

"Bambo, mkazi wanga mwamuimbira belu la amuna."

"Pepani agogo. Makinawo ali ndi batani limodzi lokha la maliro. Mulungu akudziwa kuti wapita ndani."

"Mulungu akudziwa, nanga anthu? Mayi ameneyu anakolopa tchalitchi chino inu musanamere mano. Maondo anathera pamiyala mwapondapoyi. Lero apite ndi belu lobwereka?"

"Tsitsani mawu, pali alendo."

"Alendo anuwo ndiwo adzanyamule bokosi lanu."

Sindinadikire yankho. Makwerero a nsanja alipo makumi asanu ndi anayi, ndipo miyendo yanga imawadziwa onse ngakhale yatha. Pamwamba ndinapeza mnyamata ndi mtsikana akudya ayisikilimu atatsamira belu langa. Ndinati, "Tsekani makutu, kapena tsikani." Anandijambula.

Ndinavula lamba, ndinamanga kulilime la belu, ndinakoka. Kawiri. Ndinapuma monga anandiphunzitsira bambo anga, nthawi yonena pemphero la Tikuoneni Maria kamodzi. Kawiri.

Belu silinang'ambike. Linali ndi mawu ake omwe aja, okhuthala, ofika mpaka kuminda ya azitona. Ndili pamwambapo ndinaona zitseko zikutseguka, amayi akutuluka atafunda mipango yakuda, onse kulunjika kwathu osafunsa munthu.

M'mawa mwake Don Fulgenzio anaika loko pachitseko cha nsanja. Alipobe mpaka lero. Ottavia akuti tsiku la maliro anga adzathyola lokoyo ndi nyundo. Ndamuuza kuti asadzavutike, ine ndi mwamuna, batani lawolo lindikwana.