Wotchi ya m'Makina a Malemu

"Usazule chingwecho, iwe," Agogo anatero ataima pakhomo la chipinda cha malemu. "Mng'ono wako sankachizula ngakhale posesa. Nanga chofiiracho chikuphethira chiyani pagalasipo? Chinthu chofiira sichibwera ndi zabwino."

Wamkulu, mwana wawo woyamba, sanacheuke n'komwe. Anali atagwada kunsi kwa tebulo, matako m'mwamba, akufufuza soketi. Panali patangotha masiku anayi chiikireni mng'ono wake m'manda.

"Amayi, inu zilembo simuzidziwa. Ikungonena za kabatire. Ndi kompyuta iyi, si njoka."

"Ndakuuza ine."

Anazula. Makina anazima kuti zii, ndipo anawanyamula kupita nawo m'chipinda chimene ankagona.

Agogo sanapondeko m'kalasi, koma maso anali nawo, ndi mantha amene anawasunga ndi moyo zaka zonsezi. Anaona kuti chitseko cha Wamkulu chakhala chotseka masana awiri. Anamva kugogoda kwa chala chimodzi, go, go, go, kosiyana ndi kwa malemu kumene kunkamveka ngati mvula padenga. Anaonanso kuti mwanayo wayamba kuyeza makoma ndi maso, ndipo akapatsidwa madzi ndi mkazi wa malemu sankathokoza.

"Mpongozi, makiyi a nyumba ino uzigona nawo m'chiuno," Agogo ananong'oneza mkazi wa malemuyo. "Usandifunse."

Loweruka m'mawa abale anasonkhana pabalaza, amalume a Wamkulu ndi malemu atakhala pampando wa pakona. Wamkulu anatulutsa pepala. Linati malemu analemba chaka chatha kuti akadzamwalira, nyumbayi idzakhale m'manja mwa achimwene ake.

"Alamu, musadandaule," anatero kwa namfedwayo. "Mpaka mwezi uthe mukhoza kukhala, inu ndi mwana."

"Dzina lake sanasaine bwanji?" anafunsa amalume.

"Matenda anamufulumirira. Koma kalatayi ili m'kompyuta mwake, tsiku lake lomwe. Amene akukayika akayatse."

Pakhonde panali mayi wina amene ankalemba mapulogalamu a makompyuta ndi malemu, amene anabwera kudzatenga mafayilo a ntchito. Amalume anamuitana. Makina anaikidwa patebulo, ndipo atayaka, chofiira chija chinadzaza theka la galasi. Mayiyo anawerenga, kenako anavula magalasi ake n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Tiuzeni, mayi," anatero amalume.

"M'makina muno muli kawotchi kokhala ndi kabatire kakekake, kuti nthawi isatayike magetsi akazima," anayamba pang'onopang'ono. "Kale kabatireko kakafooka, mtima wa makina unkadziwa koma sunkauza munthu. Wotchi inkangonama mwakachetechete. Malemu analimbana nazo zaka ziwiri, kukangana pa intaneti ndi opanga mapulogalamu a kutali amene sanawaonepo, kuti makina azinena poyera wotchi ikadwala. Ntchito yawo ndi imene mukuionayi."

"Ndiye ikuti chiyani?"

"Ikuti kabatire kanatha. Nthawi yomaliza yoona inali Lachitatu lapitali, pamene magetsi anachotsedwa. Atayatsidwanso, munthu anabweza wotchi ndi dzanja kupita chaka chatha. Kalatayi inalembedwa pambuyo pake."

Panja galu wa aneba ankakoka tcheni chake pasimenti.

"Makina amalakwitsa," Wamkulu anatero.

"Ee, amalakwitsa," anayankha mayiyo. "Koma awa akalakwitsa amavomera."

Amalume anaseka kuseka kopanda mano. "Ndiye kuti mng'ono wako anadzuka kumanda Lachinayi kudzakulembera kalata ndi chala chimodzi? Wachita khama ndithu."

Palibe wina anaseka. Mkazi wa malemu anaimirira, n'kutenga pepala lija m'manja mwa mlamu wake, n'kulipereka kwa amalume. Amalume analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la jekete.

"Ili ndisunga ine. Ukadzapondanso pano ndi nkhani ya nyumba, lidzakalankhula kwa oweruza. Dzuwa lisanapendeke ukhale utachoka."

Wamkulu anayang'ana amayi ake. Ankadikira kuti amuikire kumbuyo monga ankachitira ali mwana, akaba shuga n'kunamizira mng'ono wake. Koma Agogo anangoyang'ana mapazi a mwana wawoyo. Nsapato zimene anavalazo zinali za malemu.

"Vula," anatero.

"Amayi?"

"Vula nsapatozo. Unabwera ndi zako."

Anavula pamaso pa onse, n'kutuluka ndi masokosi kukasaka zake. Patapita kanthawi geti linalira. Sanatsanzike, ndipo panalibe amene anamuperekeza.

Nyumba inatsala kwa mpongozi ndi mdzukulu wawo. Agogo anadziwa kuti ayenera kuthokoza, koma m'kamwa munkawawa ngati akutafuna mankhwala. Anabereka awiri. Wina nthaka yatenga, wina ali moyo koma sadzatha kumuyang'ananso kumaso. Anthu amati ukachenjeza mwana wamuthandiza. Iwo anachenjeza ana awo kwa moyo wawo wonse, za misewu, za mabwenzi, za mawaya, ndipo onani.

Masana mayi uja anapempha kabatire katsopano, nati mwina malemu anasunga kena. Mpongozi anakoka dirowa ya tebulo. Munali maenvulopu ang'onoang'ono asanu ondandalikidwa bwino, iliyonse ndi batire lake. Anayi anali olembedwa mayina a zipangizo zoikamo mabatirewo. Yachisanu inalibe chilembo ngakhale chimodzi, koma chithunzi chojambula ndi bolopeni: katochi ka Agogo, ndi pambali pake nkhalamba ya mpango kumutu, itatukula chala ngati ikukalipa.

"Iyi ndi yanu, amayi," mpongozi anatero.

Agogo anailandira ndi manja awiri. Anayang'anitsitsa chala chijacho.

"Mwano," anatero motsitsa, n'kuilowetsa m'bulauzi.