Msoko Wachinayi wa Atelala

Atelala anauyeza katatu mpatawo, ndipo katatu konse tepi inanena chimodzimodzi: mainchesi khumi ndi anayi. Ndiwo malo okha amene anatsala pakati pa manda a akazi awo ndi manda a munthu wina wosamudziwa, amene anadzagona pambalipo chaka chatha. Atatha apo anadziyeza okha m'mapewa, ali chiimire pakati pa ziliza, tepi ikukupiza ndi mphepo.

"Khumi ndi asanu ndi atatu," anatero. "Ndayesa kuonda, Mzime, koma mafupa akukana."

Mzime, mwana wawo wotsiriza, sanaseke. Iye anabwera kudzazula udzu pamanda a mayi ake, osati kudzamva nthabwala. Ankadziwanso kumene nkhaniyo inkalowera, chifukwa fomu anali ataiona kale pansi pa chitini cha mabatani. Manda a mumzindamo anali atadzaza. Omwalira a masiku ano ankapita nawo kutali, kuseri kwa mafakitale, ulendo wa mabasi awiri. Koma a ku ofesi ya manda anali atauza Atelala kuti phulusa lokha amalola: munthu akawotchedwa, phulusa lake lingathe kukwiriridwa m'mpata ngati umenewo, bola mwana amene adzayendetse maliro asayine kuti wavomera. Akulu ake onse anali kutali ndi maukwati awo. Mwana wosayinayo anali Mzime.

"Sindisayina, bambo. Ife ndife Akhristu. Amawotcha zinyalala, osati munthu."

Atelala anawerama n'kupukuta fumbi pachiliza ndi mpango wawo.

"Mwamva, mayi a Mzime? Mwana wanu uja pakamwa pakadali pothamanga."

Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti pa anthu onse, iyeyo ndiye ankanyadira chikondi cha makolo akewo. Kusukulu anzake ankachita kutopa nayo nkhaniyi. Ankawauza za bambo amene ankaimitsa makina nthawi iliyonse akazi awo akalowa pakhomo, ngakhale msoko uli pakati, ngakhale patapita zaka makumi atatu ndi zinayi. Ankawauza za kampando kamene mayi ake ankakhalapo posoka mabatani, pafupi kwambiri moti zigongono zawo zinkagundana tsiku lonse, wina osasuntha, wina osadandaula. Iye mwini analumbira kuti sadzakwatiwa ndi mwamuna wosadziwa kuimitsa makina. Koma moto? Ayi, chikondi chisafike pamoto.

Kudikira sankakudziwa Mzime. Tsiku lomwelo, fumbi la kumanda lili m'nsapato, anakagogoda kwa Abusa.

"Mukawaletse. Inu akakumverani."

Abusa anakanda chibwano nthawi yaitali mpaka Mzime anayamba kugwedeza phazi.

"Lachinayi ndikukayesa jekete yanga kushopu ya bambo ako," anatero. "Udzakhalepo."

Shopu ya Atelala inali kachipinda kamodzi kunsi kwa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa ometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Munali makina akuda opalasa ndi phazi, galasi lalitali lothimbirira m'ngodya, simbi, choko chabuluu, ndi masaka atatu a zidutswa za nsalu zimene Atelala ankakana kutaya chiyambire ntchito. Kampando ka mayi kanali pamalo pake. Zaka ziwiri zinali zitatha popanda wokhalapo.

Lachinayi masana Abusa analowa chopendeka, poti anali munthu wathupi ndipo khomo linali lopapatiza. Asanakonze n'kukhosi komwe, Atelala anali atawaveka kale jekete yosatha, ya mkono umodzi, ulusi woyera uli mbwee.

"Tambasulani manja, Abusa. Mukagwedezeka mulasidwa."

Mzime anaima pakhomo, mtima ukuwira. Abusa anali munthu wolalikira ndi manja. Paguwa ankatha kugwetsa kapu ya madzi kawiri ulaliki umodzi. Tsopano anaima ngati mtanda wa mawaya a magetsi, mapini ali m'khwapa, m'mapewa, kumsana. Bambo akewo anachita dala, iye anaona.

"Bambo," Abusa anayamba, khosi lili gwa, "mwanayu wandiuza za fomu ija. Kunena zoona mtima wanga sukukhazikika. Ambuye wathu anaikidwa m'manda, ndipo ndi m'manda momwemo mmene anauka. Okhulupirira akale ankagoneka akufa awo m'nthaka ngati mbewu, akudikira kuti idzamera. Thupi si chinthu choti tingo... Mayo!"

"Ndinakuuzani," anatero Atelala, mapini ali pakamwa. "Pitirizani, ndikumva. Koma pali pamene panalembedwa kuti ndi tchimo?"

Mzime anayang'ana Abusa ndi maso opempha. Akanangoti inde basi, nkhani ikanathera pomwepo. Koma Abusa anapumira m'mwamba pang'onopang'ono, kuopa mapini.

"Ndafufuza masiku atatu. Lamulo loletsa sindinalipeze. Komabe si zonse zosaletsedwa zimene zimakoma kumtima."

"Nanga tsiku la kuuka kwa akufa?" Mzime analowerera, osadikira kuti amupatse mpata. "Phulusa lidzauka bwanji? Mvula ikalowa, likasakanikirana ndi dothi, ndi mizu, ndi munthu wa pambali uja, adzadziwika bwanji kuti awa ndiwo bambo anga? Bambo, mukufuna tonse tidzadzuke, inu nokha mukusowa?"

Atelala anachotsa mapini pakamwa limodzilimodzi n'kuwabaya pakhushoni. Anakoka saka limodzi mpaka pakati pa chipinda. Kenaka anavula magalasi n'kuwaika m'thumba la malaya.

"Pisani, Abusa. Ndi dzanja lamanzere, kumeneko sindinabayeko."

Abusa anapisa n'kutulutsa kachidutswa kotuwa. Atelala anakatikita pakati pa zala ziwiri.

"Siketi ya aphunzitsi aja a masamu, amene ankati tepi yanga imanama. Pisaninso."

Kanatuluka kofiirira, kokhakhala.

"Haa! Jekete yanu yoyamba iyi, ya tsiku limene munalalikira koyamba. M'chiuno munali mainchesi makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Lero tepi ikachita kukuonani imapempha chifundo."

Abusa anaseka, mapini anawabaya, anasekabe. Mzime anakwiya. Anagwada, analowetsa mkono wonse mpaka pansi penipeni pa saka, natulutsa kanthu kochepa ngati chikhadabo.

"Yunifolomu yako," anatero Atelala asanamalize n'kukagwira komwe. "Imene unang'amba pampanda wa sukulu pothawa jakisoni."

Apo Mzime anatembenuka ngati akufunanso china m'sakamo, nasolola mobisa ulusi umodzi pamkono wa bulauzi imene anavala. Ulusi wokha, wopanda nsalu. Anauika m'dzanja la bambo ake, mtima ukuti tione lero.

Atelala anaupota, anaukoka, anaununkhiza.

"Uwu si wanga. Ndi wa m'sitolo, wosakhalitsa. Wachokera pabulauzi wavalayo, imene unagula kuti akuone mnyamata woimba kiyibodi kutchalitchi uja."

"Bambo!"

"Wakuona kale, usavutike. Lamlungu anaphonya nyimbo kawiri."

Nkhope ya Mzime inatentha ngati simbi. Abusa anayang'ana kudenga, akudziletsa kuseka. Koma Atelala anali atasiya kuseka. Anaima pakati pa zidutswa zimene zinamwazika pansi, kamunthu kakang'ono ka imvi, tepi ili m'khosi, maso opanda magalasi akuphethira, ndipo Mzime anaona ngati akuwaona koyamba.

"Ine ndine telala chabe, Mzime. Diso limodzi lachita ng'ala. Koma aliyense amene ndinamusokera, kachidutswa kake ndimakadziwa, kakhale pansi pa saka zaka makumi atatu. Ndiye Iye amene anandidula n'kundisoka ndi manja ake, asokonezeke ndi phulusa langa? Andifunefune osandipeza?"

Kwa ometa tsitsi makina ankalira chapansipansi.

"Amene anamira m'nyanja adzauka," Abusa anatero pomaliza, mawu atatsika. "Amene anapsera m'nyumba adzauka. Alipo amene anawotchedwa amoyo chifukwa chokana kusiya chikhulupiriro, ndipo palibe anakayikapo za iwowo. Chimodzi chokha, bambo: musamanene kuti thupi ndi chovala chongovula n'kutaya. Ndi lanu, ndipo mudzalifunanso."

"N'chifukwa chake ndikufuna likasungidwe pamalo abwino. Ndikadzadzuka ndisadzayambe ndakwera mabasi awiri kukafuna mkazi wanga."

"Ndiye tidzaimba, tidzapemphera, tidzakwirira. Osati kumwaza m'mphepo, osatinso kuika pakabati ngati shuga." Abusa anatembenuza maso okha kuyang'ana Mzime. "Mwana wanga, ine ndekha ndikanasankha nthaka, sindikubisira. Koma munthu amene akufuna moto chifukwa akuyembekeza kuuka pambali pa mkazi wake, sindingamumane pemphero. Zotsalazo ndi zako. Tsopano, bambo, ndimasuleni, manja afa."

Abusa atapita, Mzime anayamba kutola zidutswa n'kumaziponya m'saka mwaukali. Anabweretsa munthu woti amuthandize, munthuyo n'kugonja atavala jekete ya mkono umodzi! Mfundo zonse zinali zitamuthera, koma chimene chinkamuvuta kwenikweni sichinachoke. Pomaliza chinatuluka chokha.

"Si za kuuka ayi, bambo. Ndi moto. Ndikatsinzina ndimaona manja anuwa ali m'moto. Manja amene ankandimanga maliboni. Ine ndisayine zimenezo?"

Misozi inali chuchuchu, ndipo inamukwiyitsanso. Atelala anatambasula manja awo patsogolo pake, n'kuwatembenuza uku ndi uku. Anali ndi zipsera za simbi, zakale ndi zatsopano, nsonga za zala zitauma ngati chikopa cha nsapato.

"Nthaka nayonso sidzawasisita, mwanawe. Imangochita pang'onopang'ono, ife osaona. Tsiku limenelo ululu sudzakhala wanga, udzakhala wako. Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindikukulamula. Ndikukupempha."

Anatsegula kabokosi ka pansi pa makina, natulutsa kanthu kokulungidwa m'pepala lofewa. Kanali kathumba, kotalika ngati dzanja limodzi ndi theka, ka nsalu yobiriwira ya timaluwa toyera. Mzime anaizindikira nthawi yomweyo, pakuti inali pachithunzi cha pabalaza.

"Diresi ya mayi."

"Yoyamba imene ndinawasokera. Mkono wakumanja ndinaukhotetsa dala kuti abwerenso kudzadandaula. Anabwera, anandizazira, ndinaukonza, n'kukhotetsa wakumanzere."

Mzime anaseka m'kati mwa misozi. Nkhani imeneyi anali asanaimvepo, iye amene ankayesa kuti akuzidziwa zonse. Anakatembenuza kathumbako. M'kati munali nsalu ina yolimba kuti kasadzabooke. Mbali zitatu zinali zosokedwa ndi manja, timisoko ting'onoting'ono tofanana ngati mano a chipeso. Mbali yachinayi inali yotsegula, m'mphepete mwake mutapindidwa kale n'kusitidwa bwinobwino.

"Zitatuzo ndasoka ndekha," anatero Atelala. "Msoko wachinayi sindingathe, chifukwa ndidzakhala ndili m'kati. A kowotchera mitembo ndamva amangotseka ndi guluu. Ine, telala amene ndasoka zaka makumi anayi, ndikaonekere kwa mayi ako nditamatidwa ndi guluu?"

Mzime anayang'ana mbali yotsegulayo nthawi yaitali. Kwa iye nthawi yaitali inali mphindi imodzi, koma inali yathunthu. Anaganiza za mabasi awiri, za manda akutali kuseri kwa mafakitale, za bambo ake atagona pakati pa alendo okhaokha, opanda wogundana naye chigongono. Anaganiza za mainchesi khumi ndi anayi aja. Anayang'ana mpando wa pamakina ndi kampando ka mayi ake, ndipo anaona kuti mpata wa pakati pake sunkafika n'komwe mainchesi amenewo.

Anasuntha chitini cha mabatani, anasolola fomu, nasayina ndi cholembera cha pamakina, mothamanga monga ankachitira zonse, mpaka pepala linabooka pang'ono pothera dzina. Kenaka anakhala pakampando kaja. Kanalira kwiii, ndipo Atelala anatembenuka msangamsanga ngati munthu amene waitanidwa.

"Ine kusoka sindidziwa," anatero Mzime, akupukuta mphuno. "Ndiphunzitseni."

Atelala anavala magalasi, anawavula, anawapukuta, anawavalanso. Kathumba anakabwezera m'kabokosi. Anatola kachidutswa ka siketi ya aphunzitsi a masamu, anakapinda pawiri, namupatsa singano.

"Yambira apa. Aphunzitsiwa anazolowera ana olakwitsa."

Mzime anabaya, anakoka, anabayanso, lilime lili pakati pa mano. Asanafike pakati anawaonetsa.

"Wakhota ngati njira ya woledzera. Masula."

Anamasula, anayambiranso. Chigongono chake chinagunda cha bambo ake. Palibe anasuntha.

"Masulanso."

"Aa, bambo! Zitenga nthawi yaitali bwanji kuti ndidziwe?"

Atelala anasuzumira msokowo pamwamba pa magalasi, napukusa mutu.

"Mmene ndikuwaonera manja akowa, zaka khumi."

"Ndiye mudikire. Musayerekeze kupita ndisanadziwe."

"Ndidikira," anatero Atelala, phazi likubwerera pachopalasira cha makina. "Mayi ako sadabwa. Anakwatiwa ndi telala, akudziwa kuti tsiku limene timalonjeza si limene timafika."